Makina Ofinyira Zovala: Kuchotsa Madzi Popanda Moto

Amene anachapapo bulangete kapena thaulo lalikulu amadziwa kuti ntchito yowawa si kupaka sopo. Yowawa ndi ya kumapeto, chovala chitakhuta madzi n'kulemera kawiri kapena katatu, pamene uyenera kuchipotokola mpaka zikhatho kufiira. Ngakhale atagwirizana anthu awiri, wina uku wina uko, thonje silitaya madzi ake mwachisawawa. Chovala cha thonje chofinyidwa pamanja nthawi zambiri chimafika pachingwe chikadali ndi madzi olemera ngati icho chomwe, mwinanso kuposa. Dzuwa la Okutobala silichedwa nawo madzi amenewo. Koma pa mvumbi wa Januwale, kapena chiperoni chikakuta Blantyre ndi Thyolo m'mwezi wa Juni, zovala zimagonera pachingwe, yunifomu ya mwana n'kufika Lolemba ili yachinyezi.

Makina amene m'masitolo amawatcha spin dryer anapangidwira vuto limeneli. Amapezeka m'mitundu iwiri. Ena ndi oima paokha, aatali kufika cha m'ntchafu, ooneka ngati ndowa yaitali yokhala ndi chivindikiro ndi kampopi kotulukira madzi m'munsi. Ena ndi mbali yachiwiri, yocheperapo ija, ya makina ochapira a migolo iwiri otchedwa twin tub. Onsewa alibe chotenthetsa chilichonse, ndipo sauzira mpweya wofunda. M'kati muli mgolo woima wokhala ndi mabowo, pansi pake pali mota, basi. Ntchito yawo ndi kufinya, ndipo zovala zikatuluka zimafunikabe kuyanika.

Nanga madzi amachoka bwanji, poti palibe chopanikiza kapena chopotokola? Chinthu chilichonse choyenda chimafuna kupita molunjika, ndipo chimakhota pokhapokha china chitachikakamiza. Wopalasa njinga yopanda madigadi m'matope amazidziwa izi ndi msana wake: madzi omata pa tayala amazungulira nalo pang'ono, koma liwiro likakula amalephera kukakamira, n'kufwamphuka. Mu mgolo wa makinawa, khoma la mgolo limakakamiza chovala kuti chizizungulira, ndipo chilibe kothawira. Madzi alibe chowagwira kupatula mphamvu yochepa imene amamatira nayo ku ulusi. Liwiro likaposa mphamvu imeneyo, amasefukira pakati pa ulusi, n'kudutsa pa mabowo, n'kukamenya khoma lakunja, kenako n'kutsikira ku kampopi.

Apa pali lamulo la masamu limene limalongosola zambiri. Mphamvu yokanikizira zovala ku khoma imakula ndi zinthu ziwiri, kukula kwa mgolo ndi liwiro, koma sizikula mofanana. Mgolo ukakula kawiri, mphamvu imakula kawiri. Liwiro likakula kawiri, mphamvu imakula kanayi. N'chifukwa chake kamgolo kakang'ono kothamanga kwambiri kamaposa mgolo waukulu wozungulira mwapang'onopang'ono. Makina ochapira otsekulira kutsogolo ambiri amafinya pozungulira maulendo 1,000 mpaka 1,400 pa mphindi. Titenge ozungulira ka 1,200, okhala ndi mgolo wa masentimita 50 m'mimba mwake: chovala chimakanikizidwa ngati chalemera kuwirikiza pafupifupi ka 400. Makina oima paokha ambiri amazungulira ka 2,800 pa mphindi, ndipo ngakhale mgolo wake utakhala wa masentimita 24 okha, kuwirikizako kumapitirira ka 1,000. Sokosi yonyowa ya magalamu 50 imakhala ikutsamira khomalo ngati thumba la chimanga la makilogalamu 50. Nambala ya 2,800 nayo sinangogwa. Magetsi a ku Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain amapita uku n'kubwerera ka 50 pa sekondi, komwe ndi ka 3,000 pa mphindi, ndipo mota yamtunduwu imatsalira pang'ono m'mbuyo mwa liwiro limenelo.

Nzeruyi inayambira m'mafakitale isanalowe m'nyumba. M'zaka za m'ma 1800 migolo yozungulira inali itayamba kale kuchotsa madzi m'nsalu ndi kulekanitsa shuga ndi manyuchi ake, ndipo mafakitale a shuga, monga a ku Nchalo ndi ku Dwangwa, amadalirabe njira yomweyo. Mu 1878 Gustaf de Laval wa ku Sweden anaigwiritsa ntchito polekanitsa mafuta a mkaka, ndipo m'malabotale a zipatala ndi imene amalekanitsira magazi. M'makomo a ku Ulaya ankafinya zovala pozidutsitsa pakati pa mipukutu iwiri yopanikizana, imene inkaphwanya mabatani ndipo nthawi zina inkameza zala za wochapa. Makina a migolo iwiri, monga Hoovermatic amene anatuluka ku Britain mu 1957, ndiwo anathandiza kuchotsa mipukutuyo m'makhitchini.

Phindu lalikulu la makinawa limaoneka tikawerengera magetsi, ndipo ndi pano pamene ndikuona kuti anthu amawapeputsa molakwa. Pali njira ziwiri zochotsera madzi m'chovala: kuwataya akadali madzi, kapena kuwasandutsa nthunzi. Yachiwiriyi ndi yodula kwambiri. Kuti lita imodzi ya madzi isanduke nthunzi pamafunika kutentha kokwana pafupifupi 0.63 ya yunitsi ya magetsi, ndipo makina oumitsira ndi mpweya wotentha, okhala ndi chotenthetsa cha mawati 2,000 kapena kuposa, amadya zoposa pamenepo chifukwa kutentha kwina kumangotayika. Tiyerekeze kuti zovala za thonje zolemera makilogalamu atatu zikauma zafinyidwa pamanja, ndipo zatsala ndi malita atatu a madzi. Makina ofinyira abwino akhoza kutsitsa madziwo kufika pa lita imodzi ndi theka. Mota yake ikakhala ya mawati 350 ndipo yayenda mphindi zinayi, yadya 0.023 ya yunitsi. Kuuma kwa lita ndi theka yomweyo ndi moto kukanadya pafupifupi yunitsi yathunthu, kuwirikiza ka 40. Kwa wogula mayunitsi a magetsi mwezi ndi mwezi, kusiyana kumeneku si kwamasewera. Mayiko a European Union amakuona kufunika kwake moti chizindikiro chomata pa makina ochapira chimaonetsa mmene amafinyira: gulu A ndi la makina osiya madzi osakwana 45 peresenti ya kulemera kwa zovala zouma, pamene gulu G ndi la osiya 90 peresenti kapena kuposa.

Woyanika padzuwa salipira nthunziyo ndi ndalama, koma amalipira ndi nthawi, ndipo nthawi nayo ili ndi mtengo wake. Chovala chokhalitsa ndi chinyezi chimaswa tizilombo timene timabweretsa fungo lija losatha ngakhale utathira mafuta onunkhira. M'nyengo ya mvula kuli ntchentche imene imaikira mazira pa zovala zachinyezi, makamaka zoyanikidwa pamthunzi kapena pansi, ndipo mazirawo amaswa mphutsi zolowa pakhungu. Kufupikitsa nthawi yoyanika kumachepetsa mpata wa ntchentcheyo, koma makinawa salowa m'malo mwa simbi: matewera ndi zovala za ana zisitidwebe mbali zonse. Abale amene ali ku Leeds kapena ku Glasgow ali ndi vuto lina. M'nyengo yozizira amayanika m'nyumba, mazenera ali otseka, ndipo lita iliyonse yochoka m'zovala imakathera pa makoma ndi pa magalasi, kumene imameretsa nkhungu yakuda yovutitsa odwala mphumu. Madzi otayidwa m'ndowa safika pakhoma.

Pali phindu lina limene ambiri saliganizira, ndipo limakhudza amene amatunga madzi kapena kulipira bilu ya madzi. Finyani zovala musanazitsukuluze, osati kumapeto kokha. Zovala zathu zija zikalowa m'bafa la malita 12 a madzi oyera zitanyamula malita atatu a madzi a sopo, n'kufinyidwanso pamanja, zimatuluka ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a sopoyo. Zikafinyidwa ndi makina zisanalowe komanso zitatuluka, sopo wotsala amakhala gawo limodzi mwa 18. Madzi ndi omwewo, koma zotsatira zake zasiyana koposa katatu. Mabafa atatu otsukuluzira akhoza kukhala awiri, ndipo madzi ogwera m'ndowa ya pa kampopi amakolopa m'nyumba.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta, koma kali ndi mwambo, ndipo mwambo wonse wagona pa kulinganiza katundu. Kumbukirani kuwirikiza ka 1,000 kuja. Ngati mbali imodzi ya mgolo yalemera kuposa inzake ndi magalamu 100 okha, pa liwiro lonse kusiyanako kumakhala ngati makilogalamu 100 okoka mgolo uku ndi uku kambirimbiri pa sekondi. Makina amayamba kugunda, kunjenjemera, ngakhale kuyenda okha pasimenti, ndipo zogwirira mota zimatha msanga. Choncho zolemera, monga jinzi ndi matawulo, zizikhala pansi, zoyalidwa mozungulira khoma, osati zoponyedwa ngati mpira. Zopepuka zibwere pamwamba. Tsinderani zonse ndi dzanja kuti pasakhale mphako, siyani mpata kukamwa kwa mgolo, kenako ikani kachivindikiro kapulasitiki kam'kati kamene kamabwera ndi makinawo. Anthu ambiri amakataya poyesa kuti n'kopanda ntchito, chonsecho ndiko kamaletsa sokosi kapena mpango kuuluka n'kukakodwa pakati pa mgolo ndi khoma lakunja. Kugwedezeka pang'ono poyambira n'kwachibadwa, ndipo kumatha liwiro likakhazikika. Kukapitirira, zimitsani, yalaninso zovala. Kugwira makina mwamphamvu kuti asagunde sikuchiza kanthu.

Musawasiye nthawi yaitali. Madzi ambiri amatuluka m'mphindi ziwiri zoyambirira, ndipo kampopi kakayamba kungodontha, ntchito yatha. Madzi otsalawo ali m'kati mwa ulusi weniweniwo, ndipo ngakhale mutazunguza theka la ola satuluka. Mungotenthetsa mota ndi kuzamitsa makwinya. Ichi n'chifukwa chake koloko ya mbali yofinyira pa makina a migolo iwiri nthawi zambiri imathera pa mphindi zisanu. Nsalu za poliyesitala ndi nayiloni sizimwa madzi m'kati mwa ulusi ngati thonje, ndiye mphindi imodzi imazikwanira, ndipo zimatuluka zotsala pang'ono kuvalika. Juzi ya ubweya, imene imatambasuka n'kupindika ukaipotokola pamanja, imasungika bwino m'makinawa chifukwa imangotsamira khoma osakokedwa; ifinyeni mwachidule, muiyanike chogoneka. Zosalowa madzi, monga jekete ya mvula kapena pulasitiki yoyala pa matiresi a mwana, zisalowemo konse: zimatsekera madzi m'thumba limene limasuntha mwadzidzidzi mgolo uli pa liwiro. Nsapato nazo zikhale kunja. Mukatulutsa zovala, zikutumuleni musanayanike kuti makwinya asaumire momwemo.

Za chitetezo sindikufuna kuzinena mopepuka. Pa liwiro la 2,800, khoma la kamgolo ka masentimita 24 limathamanga kuposa makilomita 120 pa ola. Dzanja lolowa mmenemo limakodwa ndi chovala n'kupotokoledwa munthu asanaphethire. Chivindikiro chakunja chimalumikizidwa ndi swichi ndi buleki kuti chikatsekulidwa mota izime, mgolo uime m'masekondi ochepa. Buleki ikayamba kuchedwa, kapena chivindikiro chikathyoka, makinawo apite kwa wokonza, ndipo wokonzayo asaloledwe kungolumphitsa waya kuti azizungulira chitsekulire, makamaka pakhomo pamene pali ana. Poti madzi ndi magetsi zili pamodzi, pulagi ikhale ya mano atatu, waya wa ethi ali wolumikizidwa, ndipo polumikizira pasagone pansi ponyowa. Amene amagwiritsa ntchito magetsi a sola akumbukire kuti mota imakoka mphamvu yowirikiza kangapo pa masekondi oyambirira, choncho invetala ya mawati 500 ikhoza kuzima ndi makina olembedwa mawati 350. Ndi bwino kufunsa wogulitsa za mphamvu yoyambirayo musanapereke ndalama, ndi kuyesa buleki ya chivindikiro pomwepo m'sitolo.