KUSINTHA MALO A KAFUKUFUKU: FUNSO LOVUTA PA INTAVYU

Ambiri a ife tikamaganiza za sukulu ya ukachenjede timangoona mabuku ndi mayeso basi. Koma wophunzira sayansi, kaya ku Bunda kaya ku Mzuzu University, amayeneranso kuchita kafukufuku wakewake asanalandire digiri, ndipo ena pa tchuthi amapita kukaphunzira ntchito pa malo ofufuzira. Kwathu ku Chitipa malo otere ndi siteshoni ya boma ya Meru, kumene amayesera mbewu monga chimanga. Tsono zimachitika kuti wophunzira amene anayamba ntchito pansi pa mphunzitsi wina afuna kusamukira kwina. Kumeneko sangomulandira ai, amayamba amuitana ku intavyu.

Pa intavyu yotere funso limodzi sililephera: "Kodi mukuchokeranji kumene munali?" Ofunsawo sakhala ndi nkhanza. Kafukufuku wa m'munda amayendera mvula. Chimanga chikadzalidwa mu Disembala, pamafunika munthu wolemba tsiku limene chamera, tsiku limene chamasula, matenda amene achigwira, mpaka kulemera kwa zokolola za ndime iliyonse. Wolembayo akathawa mu Febuluwale, ntchito yonse yapita m'madzi, ndipo aziyembekeza dzinja la chaka chamawa. Khofi wa ku Misuku ndiye woposa apa, chifukwa amatenga zaka ngati 3 kuti ayambe kubereka. Choncho wofunsa mafunso, ngakhale waona malikisi anu abwino, mumtima akudzifunsa kuti: kodi ameneyu nanenso sadzandisiya pakati pa munda?

Yankho labwino ndi loona, lalifupi, ndiponso lonena za ntchito. Mwachitsanzo: "Nditagwira ntchito ya chimanga dzinja lathunthu ndinaona kuti mtima wanga uli pa matenda a khofi, ndipo kumene ndinali khofi kulibe. Ndinatsiriza kukolola ndi kupereka zolemba zonse ndisanachoke." Mawu omalizawa ndi amene amakhazika mtima wa wofunsa pansi.

Yankho loipa ndi lonyoza mphunzitsi wakale. Kupatula kuti miseche ndi khalidwe loipa, akatswiri a kafukufuku m'Malawi muno ndi ochepa ndipo amadziwana. A ku Meru, a ku Baka ku Karonga, a ku Lunyangwa ku Mzuzu ndi a ku Chitedze ali pansi pa nthambi imodzi ya unduna wa zamalimidwe, ndipo ambiri anaphunzira ku Bunda komweko. Amene mukumunyozayo mwina anali mnzake wa m'kalasi wa amene akukufunsaniyo! Sindikunena kuti wophunzira azibisa ngati anazunzidwa kapena kugwiritsidwa ntchito zapakhomo m'malo mwa kafukufuku, ai. Zotere akadandaule kwa mkulu wa dipatimenti. Pa intavyu anene mwachidule kuti sanagwirizane pa kagwiridwe ka ntchito, ndipo ayankhe zoona akafunsidwa zambiri.

Chinanso, mphunzitsi wakaleyo asamvere kwa anthu ena kuti mwachoka. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: wofuna kusamukayo apite yekha kukatsazika, abweze buku lolembamo zotsatira, pakuti zotsatirazo ndi za malowo osati zake, ndipo apemphe kalata yomuchitira umboni. Wofika pa intavyu ali ndi kalata imeneyi funso lija silimuvutanso.

Kenaka adziwe bwino malo amene akupitawo. Titenge Chilumba, m'boma la Karonga, kumene kuli kafukufuku wa zaumoyo. Ntchitoyi inayamba mu 1979 pofufuza za khate. Pakati pa 1986 ndi 1989 anayesa katemera pa anthu oposa 120,000, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 1996 zinaonetsa kuti kubwereza katemera wa BCG kumateteza ku khate koma osati ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Lero bungweli limatchedwa MEIRU, limagwiranso ntchito ku Lilongwe, ndipo limafufuzanso matenda monga shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Wokalankhula za khate lokha adzaonetsa kuti sanakonzekere.

Mnyamata wa ku Chitipa asaiwale kutchula zilankhulo zake. Kafukufuku wa m'midzi ndi wofunsa anthu mafunso, ndipo gogo wa ku Misuku amamasuka akamva Chisukwa kapena Chindali, wa ku Ifumbo Chilambya. Ife timaziona ngati za kunyumba chabe, koma wofufuza wochokera ku Blantyre amalipira womasulira.

Pomaliza intavyu amakonda kunena kuti, "Muli ndi funso?" Funsani amene adzakuyang'anirani tsiku ndi tsiku, nthawi imene ntchitoyo idzathe, ndiponso ngati pali kogona ndi ndalama yoyendera. Kuchoka pa boma la Chitipa kufika ku Karonga ndi makilomita pafupifupi 100, Chilumba ili patsogolo, ndipo malo akapanda kulipira ulendowo amalipira ndi makolo.