Ku Misuku, kumene mtima umapuma

Mayeso akatha, ambirife timaganiza kuti tchuthi chenicheni n'cha anthu olemera, amene amakapuma pa zilumba za ku Greece. Koma bata limene iwo amalipirira ndalama zambiri lilipo konkuno, m'mapiri a Misuku m'boma la Chitipa.

Popita kumeneko timatsata msewu wochokera ku Karonga kupita ku Chitipa, n'kupatukira pa Kapoka. Mapiriwa amafika pafupifupi mamita 2,000 kutalika kwake, n'chifukwa chake kumazizira, ndipo nkhungu imakuta nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa. Chinyezi chomwecho ndicho chimabereketsa khofi ndi nthochi zimene Asukwa amalima m'malo otsetsereka. Nthawi yabwino yopitako ndi chilimwe, poti m'dzinja msewu umaterera.

Nanga malo otere amatsitsimutsa bwanji? Kukwera mapiri kumalimbitsa thupi, mpweya wozizira umabweretsa tulo, ndipo phokoso likachepa maganizo amakhazikika. Wophunzira wosagona mokwanira amaiwala msanga zimene wawerenga.

Sabata limatiphunzitsa kuti kupuma si ulesi. Yesu yemwe anatengera ophunzira ake kwaokha kuti akapume (Maliko 6:31). Tchuthi chikubwerachi, tiyeni tisonkherane ya ulendo, tikapume.