Manyuroni Odzutsa Okulira M'labotale

Ubongo wa munthu uli ndi maselo otumiza mauthenga pafupifupi 86 biliyoni. Selo lotere limatchedwa nyuroni. Mawu oti mtsempha sakwanira pano, pakuti amatchulanso njira ya magazi.

Manyuroni ali m'magulu aakulu awiri. Odzutsa amatulutsa mankhwala otchedwa glutamate, amene amasonkhezera nyuroni inzake kuti itumize uthenga. Oletsa amatulutsa GABA, mankhwala amene amaibweza. Mphamvu ziwirizi zikasiya kulingana, munthu angathe kudwala khunyu.

Kwa zaka zambiri ofufuza ankaphunzira za manyuroni podalira mbewa ndi makoswe. Ubongo wa munthu wamoyo sungadulidwe pofuna kafukufuku chabe, ndiponso nyuroni yokhwima sigawikana kuti ichuluke m'mbale ya m'labotale.

Njira inatseguka m'chaka cha 2007. Shinya Yamanaka wa pa yunivesite ya Kyoto ku Japan anaika majini anayi m'maselo a khungu la munthu wamkulu. Maselowo anabwerera ku ukhanda, nakhala maselo a tsinde, kutanthauza maselo amene angathe kusanduka selo la mtundu uliwonse wa m'thupi. Yamanaka analandira mphoto ya Nobel mu 2012 pamodzi ndi John Gurdon.

Mu 2013 gulu la Thomas Südhof ndi Marius Wernig pa yunivesite ya Stanford ku America linaonetsa kuti jini imodzi yokha, NGN2, imasandutsa maselo a tsinde kukhala manyuroni odzutsa pasanathe milungu iwiri. Manyuroniwo amamera nthambi, amalumikizana ndi kutumizirana timphamvu ta magetsi. Popeza amasunga majini a mwini khungu, ofufuza amayerekeza maselo a wodwala khunyu kapena matenda a Alzheimer ndi a munthu wopanda matendawo, namayeserapo mankhwala.

Komabe alembi, akonzi ndi aphunzitsi asamale. Maselowa si ubongo: saganiza ndipo samva ululu. Amafanana kwambiri ndi manyuroni a mwana wosabadwa kuposa a nkhalamba, choncho saonetsa zonse za matenda a ukalamba. Ndiponso ntchito yawo ndi ya kafukufuku; saperekedwa kwa odwala m'chipatala. Wolemba kuti asayansi apanga ubongo, kapena kuti mankhwala a khunyu apezeka, amapatsa banja la wodwala chiyembekezo chimene m'mbalemo mulibe.