Mnzako geni ikamuvuta, funso lingapose langizo

Pa msika malangizo sasowa. Wogulitsa tomato ku Liwonde akangodandaula kuti mpamba ukuchepa, anzake oyandikana naye benchi amamuuza pomwepo zochita: asinthe katundu, akwezeko mtengo, akatenge ngongole ku banki mkhonde. Ambiri mwa malangizowa amathera pomwepo, chifukwa wolangizayo sadziwa kuti mnzakeyo amatapa zingati m'thumba la geni madzulo aliwonse kukagula ndiwo, kapena kuti ali ndi ngongole zingati kwa makasitomala.

Pali njira ina yothandizira mnzako, yomwe alangizi a zamalonda m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito: kufunsa mafunso oti mwini geni aganize yekha. Amene anaitchukitsa ndi John Whitmore wa ku Britain, yemwe poyamba anali katswiri wa mpikisano wa magalimoto. Buku lake la mu 1992 linafalitsa ndondomeko yotchedwa GROW, ya mafunso anayi otsatana: munthu akufuna kufika pati, pano ali pati, njira zomwe ali nazo ndi ziti, ndipo achita chiyani, liti. Nalo bungwe la BRAC la ku Bangladesh, pomwe linkayamba ntchito yotukula mabanja osaukitsitsa mu 2002, silinangopereka ziweto ndi mpamba. Linaikanso alangizi oyendera mabanjawo pafupipafupi kukakambirana nawo momwe geni ikuyendera.

Funso loyamba limaoneka lophweka koma ambiri limawagwira pakhosi. "Kodi mayi, pofika Disembala mukufuna geniyi itakuchitirani chiyani?" Yankho loti "ndikufuna zindiyendere" silithandiza. Wofunsa amafunsanso mpaka pamveke chinthu chowerengeka, monga fizi ya mwana wa Fomu 2, malata 20, kapena kuchoka pa ndowa imodzi ya matemba kufika pa thumba lathunthu.

Pomwe pali ntchito yaikulu ndi pa funso lachiwiri, la momwe zinthu zilili lero. Mwachitsanzo, mayi wapikula matemba a K60,000 pa doko la Mposa ku nyanja ya Chilwa, nakagulitsa ku Balaka pa K85,000. Akafunsidwa phindu, ayankha msanga kuti ndi K25,000. Mnzake wodziwa kufunsa samutsutsa. Amangoti, "Nanga ulendo wopita ndi wobwera munalipira zingati?" Ndi K9,000. "Chiphaso cha msika ndi chakudya cha masiku onsewo?" Ndi K3,000. Phindu latsika kufika pa K13,000. "Onse anagula analipira?" Apa m'pamene mayiyo amakumbukira kuti matemba a K8,000 anatengedwa pa ngongole, ndipo yomwe ili m'manja pamwamba pa mpamba ndi K5,000 yokha. Masamuwa wawachita yekha, n'chifukwa chake sangawaiwale. Akanangouzidwa kuti "mumakongoza kwambiri", mwina akanakwiya n'kunena kuti ndi nsanje.

Pali funso lina lomwe lakhala lofunika kwambiri chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023: "Ndalama muli nazo lerozi zingagule katundu wochuluka ngati wa ulendo watha?" Wamalonda akhoza kuona ndalama zikuchuluka m'chikwama pomwe katundu pa benchi akucheperachepera. Kuwerenga mpamba m'ndowa, m'matumba kapena m'makilogalamu kumaulula zomwe kuwerenga makwacha kumabisa.

Funso lachitatu ndi la njira zina, ndipo anthu a ku Machinga ndi Balaka ali ndi zifukwa zokwanira zolifunsira. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1995, inaphweranso kwambiri mu 2012 ndi 2018, ndipo omwe ankadalira nsomba zokha anakhala manja lende. Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo yemwe limagula kunja, mtengo unagwa, ndipo omwe anasunga matumba poyembekezera kuti ukwera analira. Choncho funso loti "Katunduyu atasowa kapena mtengo utagwa mawa, mungagulitse chiyani?" si lofuna kuopseza munthu. Wina ayankha kuti mpunga, wina zitumbuwa, wina makala ayi chifukwa a zankhalango amalanda. Wofunsa amangowonjezera kuti, "Chinanso?" kenako n'kukhala chete. Kukhala chete kumeneku ndiko kumavuta anthu ambiri, makamaka omwe anakhalitsa pa geni ndipo yankho ali nalo kale pa lilime.

Sikuti pena paliponse pamafunika mafunso. Mnzako akafunsa mtengo wa nandolo ku Ntaja kapena ku Ulongwe, amafuna mtengo, osati kufunsidwa maganizo ake. Akafuna kukatenga katapila woti abweze kawiri pa mwezi, kumuuza mosabisa kuti alowa m'dzenje n'kwabwino kuposa kumuzungulira. Ndipo nkhani ya ndalama siyofunsa pa gulu makasitomala akumva. Funso lakuti "Bwanji munachita zimenezi?" nalonso limamveka ngati mlandu kwa mfumu, pomwe lakuti "Chinachitika n'chiyani?" limatsegula pakamwa.

Malo abwino a mafunsowa alipo kale. Mabanki mkhonde, omwe bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991, amakumana pafupipafupi, ndipo mamembala amadziwana bwino. Membala akamapempha ngongole, komiti kawirikawiri imangoyang'ana masheya ake ndi tsiku lobweza. Mphindi zisanu zokhala naye pambali n'kumufunsa kuti akapikula chiyani, akagulitsa kuti, ndipo phindu akuliona lingati akachotsa ulendo ndi chiphaso, zikhoza kupulumutsa ndalama za gulu lonse nthawi yogawana isanakwane.

Funso lomaliza ndi lalifupi: "Ndiye sabata ino muyamba ndi chiti?" Mayi wa matemba uja akhoza kunena kuti agula kope la K500 lolembamo okongola, ndipo Lachisanu akatolera K8,000 ija. Pa msonkhano wotsatira wa banki, mnzakeyo amamufunsa kuti zatoleredwa zingati.