Kutha msinkhu sindiko kukhwima

Amai anga atatha msinkhu anavinidwa cinamwali, ndipo tsiku limene anatuluka m'manja mwa anamkungwi mudzi wonse unati akula. Cimanga cisanakololedwe kawiri, anali kale pabanja.

Lero mtsikana wa ku Katete, Sinda kapena Vubwi amatha msinkhu akali ku pulaimale, ulendo wa sukulu ukali wautali. Kuyambira 1997 wotenga pakati amaloledwa kubwerera m'kalasi akacira. Mu 2022 boma linacotsa malipiro a sukulu, ndipo lamulo la 2023 linaletsa cikwati ciliconse, ngakhale ca mwambo, munthu asanakwanitse zaka 18.

Makolo anzanga, zaka za pakatizi ndi udindo wathu kuziteteza. Ndalama za cimalo zidikire, mwana ayambe watsiriza sukulu.