Nkhani Yobvuta M'mipingo: Wapampando Asalole Kuchula Maina

M'dziko la Mfumu Yaikuru Kalindawalo, kuyambira ku misyoni ya Minga ndi Merwe m'boma la Petauke kufikira ku Hofmeyr m'boma la Nyimba, mipingo inazika mizu kale-kale, ndipo nkhani iriyonse yaikuru imathera pamaso pa akulu a mpingo. Tsono yafika nkhani ina imene makolo sanali kuikamba poyera, ya amuna ogonana ndi amuna anzao ndi akazi ogonana ndi akazi anzao. Imamveka pa wailesi, pa guwa, ngakhale pa cigayo. Mtolo wolemera kopambana uli pa munthu wokhala pampando pamene Akristu asonkhana kuti aikambe.

Coyamba cimene wapampando ayenera kudziwa ndi lamulo. Buku la milandu la dziko la Zambia, limene tinalandira kwa Angerezi m'nthawi ya atsamunda, limaletsa mcitidwewu pa ndime 155, ndipo kuyambira caka ca 2005 cilango cace ndi zaka zosacepera 15 m'ndende, mwinanso moyo wonse. Si mau a pa pepala cabe ai. Mu November 2019 bwalo lalikuru la milandu linagamula amuna awiri a ku Kapiri Mposhi kuti akasewenze zaka 15. Kazembe wa dziko la America, a Daniel Foote, atadandaula poyera za cilangoci, Boma linakwiya ndipo iwo anacoka m'dziko muno. Amuna awiriwo anamasulidwa mu May 2020 pamene a Edgar Lungu, amene anali mtsogoleri wa dziko nthawi imeneyo, anakhululukira akaidi ambiri pa tsiku lokumbukira ufulu wa Africa.

Apa mpamene pagona nkhani. Munthu akaimirira pa msonkhano nanena kuti cakuti-cakuti ndi chimo, akukamba za ciphunzitso, ndipo ali ndi ufulu kutero. Koma akaloza cala nati mwana wa uje ndiye amacita zotere, wasiya za ciphunzitso, wayamba mlandu umene ungathe kudya zaka 15 za moyo wa munthu, kawiri-kawiri popanda mboni, pongoona kuti mnyamata wacedwa kukwatira kapena ali ndi mayendedwe acilendo. Pamudzi dzina likachulidwa silibwerera m'kamwa. Amai ace adzalimva ku citsime, amalume ace adzalimva pa mowa, ndipo pakati pa Ansenga, pamene mwana ndi wa kucikazi, cipongweco cimagwera mbumba yonse. Wapampando wanzeru amadula mau otere asanathe, angakhale wolankhulayo akhale wa imvi.

Kukamba nkhaniyi pakokha si mlandu. Mu April 2013 a Paul Kasonkomona, womenyera ufulu wa anthu, anagwidwa mu Lusaka atangoturuka pa Muvi TV kumene ananena kuti anthu otere ali ndi ufulu monga ena onse. Bwalo linawapeza osalakwa mu February 2014, ndipo Boma litacita apilo, bwalo lalikuru linabvomereza ciweruzo comweco mu 2015. Cotero mkulu wa mpingo asaopseze mnzace ndi apolisi cifukwa cakuti wafunsa funso kapena waganiza mosiyana. Ngakhale a Kenneth Kaunda, m'caka ca 1998 pamene dziko lonse linatentha ndi nkhani yomweyi, anapempha anthu kuti ayambe aziziritsa mitima ndi kulingalira mofatsa.

Ambiri amati popeza a Frederick Chiluba analengeza pa 29 December 1991 kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, palibenso cokambirana. Komatu mipingo yeniyeniyo iri kukambirana, ndipo sinamvane. Mu December 2023 likulu la Akatolika ku Rome linaturutsa kalata yochedwa Fiducia Supplicans, yolola ansembe kudalitsa anthu awiri otere popanda kuuyesa ukwati. Pasanapite sabata, Mabishopu a Akatolika a m'Zambia anayankha kuti zimenezo sizidzacitika muno, ndipo anzao a ku Malawi ananenanso cimodzi-modzi. Mkristu wa ku Minga ayenera kudziwa zimenezi. Ayeneranso kudziwa kuti katekisimu wa mpingo wace womwewo, pamene akana mcitidwewu, amalamula kuti anthuwo alandiridwe ndi ulemu ndi cifundo, ndi kuti asasalidwe mopanda cilungamo. Malemu Papa Francis ananena mu January 2023 kuti kukhala munthu wotere si mlandu wa ku khoti. Wochula mbali imodzi nabisa inzace sanaphunzitse ciphunzitso conse.

A Reformed Church in Zambia nawonso angaone zimene zinagwera mpingo wa Dutch Reformed ku South Africa, umene unatumiza amisyoni a ku Nyanje, Merwe ndi Hofmeyr. Sinodi yao inabvomereza maukwati otere mu 2015, inabweza mau mu 2016, ndipo mamembala ena atakasuma, khoti ya ku Pretoria inafafaniza cigamulo caciwirico mu 2019 cifukwa, mwa zina, sinodi sinatsate malamulo ace omwe a kayendetsedwe ka msonkhano. Akulu ophunzira otero anagwa pa nchito ya wapampando.

Cinthu cimene cimaiwalika msanga ndi cakuti amene akukambidwayo angathe kukhala pomwepo, pa benchi ya kumbuyo, kapena mu kwaya, kapena amai ace ali pakati pa a cigwirizano. Ambiri a iwo anabatizidwa m'mipingo yomweyi ndipo sanaleke kupemphera. Akamva kuti oyenera kuwochedwa kapena kuponyedwa miyala, sayankha kanthu. Amangosowa, ndipo ena amaopa ngakhale kupita ku cipatala kukapimitsa magazi. Akale anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, kutanthauza kuti nkhani ya mbale wako siigwiridwa ndi cibonga.

Ndipo anthu a kuno sangaiwale kuti malire a Mozambique ali pafupi, abale ali tsidya lino ndi tsidya lija. Kumeneko Boma linacotsa mlanduwu m'buku la malamulo mu 2015, pamene mabelu a machalichi a ku Tete akali kulira monga kale.