Pikapu Yowonjezeredwa Mphamvu Ikafooka Panjira, Vuto Limayambira pa Mawaya

Nyengo yokolola ikafika, pa Kamwendo m'boma la Mchinji sipasowa galimoto zonyamula katundu. Apa ndi pamene msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe kupita kumalire a Zambia umakumana ndi wa M18 wolowera ku Kapiri ndi ku Kasungu. Matumba a mtedza, soya ndi chimanga amadutsa pano kupita kumisika ya ku Lilongwe monga Mgona, ndipo amalonda ambiri amadalira mapikapu a dizilo monga Toyota Hilux, Isuzu, Nissan ndi Ford Ranger. Pikapu ikafera panjira, wamalonda amaluza kawiri: amalipira makaniko, nkulipiranso galimoto ina yodzatenga katunduyo, mwinanso kupeza wogula atagula kale kwa wina.

Ena mwa mapikapu amenewa amakhala kuti adawonjezeredwa mphamvu, ndipo mwiniwake watsopano nthawi zina sadziwa. Njira zake n'ziwiri. Yoyamba ndi kusintha pulogalamu ya m'kompyuta ya galimoto, yomwe amakaniko amaitchula kuti ECU, kuti injini izilandira mafuta ndi mpweya wambiri. Yachiwiri ndi kulumikiza kabokosi pakati pa sensa ndi kompyutayo. Kabokosika kamanamiza kompyuta kuti mafuta akuthamanga mofooka, ndiye pampu imawonjezera mphamvu. Galimoto imakoka bwino pokwera, koma turbo, ma injector ndi kilachi zimagwira ntchito yopitirira muyezo wa kufakitale.

Injini za dizilo zamakono, monga D-4D ya Hilux, zimayendera masensa omwe ambiri amagwiritsa ntchito magetsi a 5 volts. Kompyuta ikalandira uthenga wosamveka, imayatsa nyale ya injini pa dashibodi ndi kuchepetsa mphamvu kuti injini isawonongeke. Dalaivala amaponda mafuta koma galimoto imangokwawa. Apa ndi pamene ambiri amathamangira kugula pampu kapena ma injector, zipangizo zodula kwambiri, chonsecho vuto lili pa waya umodzi.

Poyambira pabwino ndi pa batire, ndipo kamita koyezera magetsi n'kokwanira. Injini itazima, batire yabwino imawerenga pafupifupi 12.6 volts. Poliza injini isatsike kupyola 9.6. Injini ikamalira iyenera kuwerenga pakati pa 13.8 ndi 14.5; ikachepera kapena kupitirira pamenepa, alternator ndiyo iyenera kuonedwa. Mitu ya batire yomwe yachita zoyera ngati ufa itsukidwe ndi kumangidwa zolimba. Waya wa earth, wochoka pa batire kupita kuthupi la galimoto ndi ku injini, ukamasuka kapena kuchita dzimbiri umabweretsa zizindikiro zambiri nthawi imodzi, ngati kuti masensa onse afa. Fyuzi yopsa ilowedwe m'malo ndi ya nambala yomweyo. Kulumikiza ndi waya wamba kapena pepala lonyezimira kwawotchetsa galimoto zambiri.

Chachiwiri ndi kabokosi kaja. Ngati kalipo, kachotsedwe injini itazima, mapulagi abwezeredwe mmene adalili kufakitale, ndipo galimoto iyendetsedwe itanyamula katundu. Vuto likatha ndiye kuti kabokosiko kapena mapulagi ake ndiwo olakwa. Mawaya olumikizidwa ndi tepi, a magetsi owonjezera, wailesi kapena alamu, nawonso aonedwe chifukwa amalowa madzi nthawi ya mvula.

Chachitatu ndi kuwerenga zomwe kompyuta yasunga. Mapikapu ambiri amakono ali ndi pulagi ya mabowo 16 pansi pa chiwongolero, yotchedwa OBD2. Kachipangizo ka ELM327 kamalumikizana ndi foni nkuonetsa nambala ya vuto, ngakhale pa galimoto zina pamafunika makina a makaniko. P0101 imaloza ku sensa yoyeza mpweya wolowa, P0087 imatanthauza kuti mafuta akuthamanga mofooka, P0234 kuti turbo ikupopa mopitirira, P0299 kuti ikupopa mochepera, pomwe P0335 ndi ya sensa ya crankshaft, yomwe ikafa injini imatha kungozungulira osalira. Nambalazi zilembedwe pa pepala zisanafufutidwe. Komanso nambala imangosonyeza dera lomwe muli vuto. P0087 nthawi zambiri imayamba ndi fyuluta ya mafuta yotsekeka, ndipo P0299 imatha kubwera chifukwa cha paipi ya mpweya yong'ambika. Pa galimoto yosinthidwa pulogalamu, P0234 imasonyeza kuti mwina wosinthayo adapitiriza muyezo.

Ntchito ya amalonda a kuno ili ndi mavuto akeake. Fumbi la m'misewu ya kumidzi m'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala limatseka fyuluta ya mpweya ndi kudetsa sensa yomwe ili pambuyo pake. Sensayi imatsukidwa ndi mankhwala opopera opangidwira ntchitoyo. Kuipukuta ndi nsalu kapena kuithira petulo kumaiononga. Galimoto yonyamula chimanga ndi mtedza imakopa makoswe, omwe amakonda kufunda kwa injini usiku nkutafuna mawaya. Kusesa zotsalira kumbuyo ndi kutsegula boneti mmawa uliwonse kumathandiza.

Mafuta ogula m'zigubu, omwe amachuluka dizilo akasowa m'mafilingisiteshoni, ndi vuto linanso. Amatha kukhala ndi madzi, mchenga kapena parafini, ndipo ma injector amakono sapirira zimenezi. Nyale yochenjeza za madzi mu fyuluta ikayaka, madziwo akhetsedwe tsiku lomwelo. Pasapezeke womasula mapaipi a ma injector injini ikulira, monga ankachitira pa galimoto zakale. Mafuta a m'mapaipi amenewa amathamanga ndi mphamvu yoposa 1,000 bar ndipo amatha kuboola khungu.

Zinthu ziwiri zimapha ECU msanga: kusemphanitsa mawaya poliza galimoto ndi batire ya galimoto ina, komanso kuwotcherera zitsulo za kumbuyo batire isanachotsedwe. Amalonda ambiri amawotchereretsa zitsulo kuti azinyamula matumba ochuluka, choncho ndi bwino kuima pomwepo mpaka wowotcherera atachotsa mitu ya batire.

Wamalonda wofuna kugula pikapu yogwiritsidwapo kale ntchito afunse ngati idawonjezeredwa mphamvu. Ayang'ane nyale ya injini potsegula kiyi: iyenera kuyaka, kenako kuzima injini ikalira. Ikapanda kuyaka n'komwe, mwina wina adaithimitsa dala pobisa vuto. Utsi wakuda wambiri poponda mafuta ndi chizindikiro chakuti mafuta akulowa ochuluka kuposa mpweya, ndipo imeneyo ndi ndalama yongopsa. Amene amangochita hayala afunse dalaivala ngati nyaleyo ikuyaka asanapakize katundu.

Kwa makaniko, mwini galimoto apemphe kuona nambala ya vuto ndi maso ake, afunse ngati batire, earth ndi mapulagi zayezedwa, ndipo chipangizo chilichonse chochotsedwa abwezeredwe m'manja. Ntchito yonseyi ichitike mu Malichi, matumba asanayambe kutuluka m'midzi, chifukwa nyengo yokolola ikayamba tsiku lililonse lomwe pikapu yagona kugalaja ndi ulendo umodzi wa ku Lilongwe womwe watayika.